Kagalasi kamene sindinabweze

Anzanga, zimene ndikuti ndikuuzeni pano si nthano, ndiponso sindinachite kuzitola pabwalo la mowa. Zinandichitikira ine mwini, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndilibe malungo, ndilibe ngakhale kadontho ka kachasu m'mutu. Wofuna kunena kuti nkhalambayi nzeru zayamba kuithawa anene, pakamwa m'pake, koma ine ndikudziwa zimene ndinaona. Mayina sinditchula, chifukwa abale a anthu amenewa akadalipo ndipo timakumana kumaliro ndi kutchalitchi.

Nkhondo ya Azungu itangotha kumene, ndinkagwira ntchito pa kachipatala kena kufupi ndi Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Dokotala wathu anali Mzungu wowonda, wosakonda kulankhula, amene mtima wake wonse unali pa matenda aja otupitsa mimba amene ankapulula anthu a m'madambo. Ine sindinali womanga zilonda kapena wogawa kwinini ayi. Dokotalayo anandipeza tsiku lina ndikumeta anzanga pansi pa mtengo, anaima n'kumayang'ana mmene ndinkanolera lumo, kenako anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga manambala. Nditati sukulu ya mishoni ndinapondako, anati ndibwere Lolemba. Umu ndi mmene ndinapezekera m'kanyumba kakuseri kwa chipatala, kamene anthu ankakalambalala ngati muli njuchi, ndipo kunena zoona ndinkanyada nako kuposa nyumba yanga yogona.

Kanyumbako tinakamangitsa tokha, iye akuloza, ine ndikukalipira amisiri. Anakana malata, nati pansi pa malata a ku Chiromo ntchito yathu ingasungunuke, choncho tinafolera udzu wochindikala. Zenera linali limodzi lokha, lalikulu, loyang'ana kummwera, pansi pa khonde lalitali, kuti muzilowa kuwala kokha osati dzuwa. Tebulo linalibe miyendo, linali thabwa la mbawa logonekedwa pa zipilala za njerwa, kuti sitima ikamadutsa panjanji lisamanjenjemere. Mashelefu okha ndiwo anali ndi miyendo, ndipo mwendo uliwonse unkaima m'chitini cha parafini, apo ayi nyerere ndi mphemvu zikanatinyambitira ntchito ya sabata lathunthu. Mabotolo ankandandalikana kuchokera kumanzere kupita kumanja monga mmene ntchito inkayendera, ndipo kanyali kosungunulira phula kanali pakona yakutali, chifukwa sipiliti ndi moto sizimwerana madzi.

Mwina mukufunsa kuti m'mabotolomo munali chiyani. Munali tizidutswa ta mnofu, anzanga, tochepa ngati nsonga ya chala. Nthawi zina ta ng'ombe kapena mbuzi, nthawi zina ta munthu, wina akamwalira pachipatalapo ndi matenda amene dokotala ankafufuzawo. Kachidutswa kankandipeza kali kale m'fomalini, mankhwala oluma m'maso oletsa mnofu kuwola, ndipo pabotolo pankakhala nambala yokha, dzina ayi. Ndinkakatsuka, n'kukayendetsa m'mabotolo a sipiliti, kuyambira wothira madzi mpaka wamphamvu weniweni, botolo lililonse tsiku lake, kuti madzi onse a m'mnofumo achoke pang'onopang'ono. Ukapupuluma pamenepa kankakwinyika n'kuuma gwa, ndipo dokotala sankakutukwana, ankangokuyang'ana pamwamba pa mandala ake, kuyang'ana kopweteka kuposa kutukwana. Kenako kankalowa m'mafuta ena onunkha mpaka kayambe kuonekera mkati, kenako m'phula lotentha longa la kandulo, ndipo phulalo likauma ndinkasema kanjerwa koyera kokhala ndi mnofu pakati pake.

Kudula ndiye kunali luso langa, ndipo pamenepa ndiloleni ndidzitame pang'ono. Makina ake anali ndi lumo lalikulu limene ndinkanola ndekha pamwala ndi pa lamba wachikopa, ndipo ukamapukusa chigwiriro, lumolo linkasenda phula lija mopyapyala kuposa khoko la anyezi, tizigawo tikutuluka tolumikizana. Ukapuma mwamphamvu tinkauluka. Koma kuno kwathu phula limafewa dzuwa likangokwera, ndiye ndinkaviika tinjerwato mumtsuko wa madzi ozizira n'kudula m'mamawa nkhuku zitangotuluka. Kachigawo kalikonse ndinkakayandamitsa pamadzi ofunda kuti makwinya athe, n'kukatola ndi kagalasi kopakidwa choyera cha dzira kuti kamatirire. Kakauma ndinkachotsa phula, n'kukaviika mu utoto woyamba, wakuda, kenako mu wachiwiri, wofiira, n'kudontheza utomoni, n'kuvindikira ndi kagalasi kena kopyapyala. Ukakaika pa maikulosikopu, makina aja okuza zinthu zosaoneka ndi maso, kamnofu kotuwa kaja kankasandulika, timadontho tabuluu titamwazika pa nsalu yofiirira, moti tsiku loyamba ndinakana kuti zimenezi zili m'thupi la munthu. Ndinkadziuza kuti anthu akuthawa kanyumbaka chifukwa cha umbuli, ndipo amene ankandifunsa ngati sindiopa mizimu ndinkawayankha mwachipongwe kuti kamnofu kochepa chonchi ngakhale khoswe sangakhute nako, nanga mzimu ukakafune chiyani?

Mkazi wanga yekha ndiye sindinkamuyankha choncho. Anali wa m'mudzi wina wa asodzi kutsidya kwa dambo, kumene ndinkakhala chikamwini, munthu wamfupi, woseka ndi thupi lonse, ndipo akafuna kundinyogodola ankatembenukira ku Chisena n'kumanditcha Nyamabotolo, ndiko kunena kuti mwini mabotolo. Tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri popanda mwana, anthu n'kumalankhula, iye n'kumati tikwanirana tokha. Ankabwera kukanyumbako tsiku lililonse pa chifukwa ichi: utoto woyamba uja ukautsuka ndi madzi a mvula umangokhala wotuwa wopanda moyo, koma madzi a pachitsime china cha kumudzi kwawo, amcheremchere aja, ankausandutsa wabuluu wokongola. Ndiye iye ankasenza mtsuko wa madziwo cha m'ma teni koloko, nthawi imene dokotala ankakhala ali kwa odwala, n'kudzaima pazenera. Kulowa ankakana kwamtuwagalu, ankati fungo la mmenemo ndi la anthu osaikidwa.

Ine nthawi imeneyo ndinkakhala nditawerama pamakina okuza zinthu aja, ndipo makinawo ali ndi kalilole wamng'ono pansi pake, wotapa kuwala kwa pazenera n'kukuponya m'diso. Munthu akangoima pazenerapo, m'diso mwanga munkada. Ndikaona mdimawo ndinkadziwa kuti wafika ndisanadzutse mutu, ndipo ndinkayamba kumwetulira ndekha ngati chitsiru. Tsiku lina ndinasunthira makinawo pafupi ndi zenera n'kumunyengerera mpaka anasuzumira, ndinali nditaikapo utitiri wa nkhuku. Anadumpha n'kukuwa, kenako anaseka mpaka kugwira khoma, nati ngati Mulungu anazilenga zochepa anali ndi chifukwa, ine ndisamamuululire zinsinsi zake. Koma nditafuna kuikapo kagalasi ka mnofu analeka kuseka. Anandifunsa kuti ndi ka yani, ndinamuuza nambala yake, ndipo anati iye sanaonepo mayi wobereka nambala. Anasenza mtsuko wake wopanda madzi n'kumapita, ine n'kumaseka kuti akazi ndi amantha.

Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, dokotala anandituma ku Nsanje kukalandira mabokosi a sipiliti ndi phula amene ankabwera pa sitima ya pamadzi, poti sankafuna kuti mabotolo anyamulidwe ndi munthu wosawadziwa. Ndinasiya mkazi wanga akudandaula mutu chabe, ndipo anandiperekeza mpaka panjanji akundikumbutsa kuti ndikamubweretsere mpango wa maluwa, osati wa nkhalamba ngati umene ndinamusankhira chaka chatha. Madzi anali atachepa mu Shire, sitimayo inatitimira pamchenga kumunsi, ndipo ulendo wa masiku atatu unasanduka wa masiku khumi. Ndinkangokhala padoko kuyang'ana kumunsi, kudya nsomba, kucheza ndi amalinyero, mtima uli m'malo. Kodi munthu sayenera kumva kanthu m'thupi zoterezi zikamachitika? Ine sindinamve kanthu.

Pobwera, ndisanafike n'komwe pamudzi, ndinaona amayi awiri ochokera kudimba akundiona n'kupatuka njira. Nditafika ndinapeza kuti mkazi wanga anali atagona m'manda masiku anayi. Malungo anamugwira mwamphamvu, alongo ake anamunyamula pamachira kupita naye kuchipatala, anamwalira tsiku lomwelo, ndipo ndi kutentha kwa kuno maliro sadikira munthu.

Inu odziwa mwambo wathu mukudziwa zotsatira. Zovala zake ndi mikanda yake zinapita naye. Tsiku lometa litakwana anatimeta, nyumba yathu anaigwetsa, mbale ndi mitsuko anagawana abale ake aakazi, ndipo amalume ake anandisudzula mwaulemu ndithu, nati ndinali mkamwini wabwino, ndine womasuka kupita kumene ndifuna. Ndinatuluka m'mudzimo ndi mphasa ndi mpango uja wa ku Nsanje, umene sanauvalepo, umene unalibe ngakhale fungo lake. Zithunzi masiku amenewo zinali za Azungu okha. Zaka zisanu ndi ziwiri za banja, ndipo ndinalibe kanthu kamodzi kamene ndikanagwira n'kunena kuti aka n'kake.

Ndinapeza pogona m'nyumba za antchito n'kubwerera kukanyumba kanga, poti kukhala manja ali lende kunkandipweteka koposa. Pashelefu panali botolo limodzi londidikira, lokhala ndi nambala yake monga mwa masiku onse, mkati muli kachidutswa ka chiwindi. Ndinakasamalira kuposa kena kalikonse, osati chifukwa ndinkadziwa kanthu, koma chifukwa ndikamaganiza za sipiliti ndi phula ndinkapumulako kuganiza zina. Kanadulika bwino zedi popanda kung'ambika, ndipo ndinakonza timagalasi tisanu. Madzi a pachitsime chija ndinkakatunga ndekha, mutu wometa uli pansi kuopa kukumana ndi apongozi. Dokotala atayang'ana anapeza timadontho takuda tija timene malungo amasiya m'chiwindi, anandiitana kuti nanenso ndione, nati sanaonepo kagalasi koyera bwino chonchi chibwerereni kuno. Ndipo ine, anzanga, ndinathokoza.

Tsiku lotsatira ndili ndekha, cha m'ma teni koloko, ndinaikanso kagalasi kamodzi pamakina kuti ndione ngati utomoni wauma bwino, ndipo m'diso mwanga munada. Ndinamwetulira. Inde, ndinamwetulira, pakamwa n'kutseguka kuti ndimufunse chifukwa chake wachedwa, kenako ndinakumbuka, ndipo katsitsi kamene kanali katayamba kumera kanaima. Ndinadzutsa mutu. Pazenera panalibe munthu, panja pali mbee, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, mbuzi zili gone pansi pa mtengo wa masau. Nditaweramanso, mdima uja unali pomwepo, unakhala kanthawi kokwanira munthu kutula mtsuko, kenako kuwala kunabwerera.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ine ndi munthu woti ndinaphunzitsidwa kusakhulupirira chinthu usanachiyese, ndiye ndinayesa. Ndinapukuta kalilole, ndinasuntha makina, ndinadula nthambi imene inkalendewera pakhonde. Ndinaikapo timagalasi ta ng'ombe nthawi yomweyo, osada ayi. Koma ndikangoika kamodzi mwa tisanu tija, teni koloko ikakwana, mdima ndii. Kodi mthunzi umasankha kagalasi? Dokotala sindinamuuze, akanangoti ndimwe kwinini ndikagone.

Amene ananditsegula maso anali mayi wina wachikulire, mmodzi wa adzukulu amene anasambitsa ndi kukulunga mtembo wa mkazi wanga. Tinakumana padoko Loweruka, iwo akugulitsa mlamba wowamba, ndipo anandikokera pambali n'kuyamba kulankhula motsitsa, akusakaniza Chimang'anja ndi Chisena monga amachitira anthu a kumeneko mantha akawagwira. Anati nkhani imeneyi ikuwasowetsa mtendere, ndipo sanauze amalume kuopa kuti anyamata a m'mudzi angakayatse chipatala, koma ine poti ndine wa kuchipatalako ndiwauze: nanga bala lija linali pansi pa nthiti za kumanja, losokedwa ndi ulusi wakuda, linali la chiyani, popeza mwanayo anamwalira ndi malungo osati kubayidwa? Ndinangokhala pansi pamatope pomwepo ndikuyang'ana zala zanga, zimene nsonga zake zinali zidakali ndi utoto wabuluu.

Lolemba ndinamufunsa dokotala mosazungulira kuti nambala ija inali ya yani. Anatsegula buku lake nawerenga kuti mkazi wochokera kumudzi wakuti, wobwera ndi alongo ake awiri tsiku lakuti. Nditamuuza kuti ameneyo anali mkazi wanga, nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Anati sankadziwa, ndipo ndimamukhulupirira mpaka lero, chifukwa alongo aja atatchula dzina, dzinalo kwa iye silinatanthauze kanthu. Zaka zonsezo tinagwira ntchito pa tebulo limodzi, timagalasi take tikutsukidwa ndi madzi osenzedwa ndi mkazi ameneyo, koma sanafunsepo kuti amatunga ndani. Ndinakwiya, inde, koma mkwiyo wanga unasowa poima, chifukwa mabotolo ena onse aja nawonso anali akazi a anthu ndi ana a anthu, ndipo ine sindinafunsepo. Anatenga kanjerwa ka phula kaja ndi timagalasi tonse, nazikulunga m'kansalu koyera ndi manja ake, nandipatsa ali chiimire, nati ndichite nazo monga mwambo wathu ufunira.

Ndinapita kwa amalume ake, n'kukhala pansi patali monga mkamwini, n'kufotokoza zonse kupatula za mthunzi. Ndinkayembekezera chibonga, koma iwo anangoti mwana wawo anapita wosakwanira, ndipo munthu wosakwanira sagona, amangoyendayenda kufunafuna chake. Anagamula kuti adzukulu akakumbe kadzenje pambali pa manda, cha kudzanja lamanja, zonse zibwerere kwa mwini wake, ndipo ine andisambitse mankhwala chifukwa ndinagwira mtembo ndisali mdzukulu.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindinamizira Mzungu kapena Satana. M'mawa wa tsiku lopita kumanda ndinamasula kansalu kaja kuti ndione komaliza. Ndinaika pamakina kagalasi kamene kanagwira utoto bwino kuposa tonse, ndipo ndinayang'ana nthawi yaitali. Ndani mwa inu anaonapo mkazi wake chonchi? Timadontho tabuluu tija, tinjira tofiirira tija, zonsezo zinali iye, wokongola mpaka mkati. Teni koloko itakwana munada, ndipo ulendo uno sindinaope, ndinangoti mumtima wafika. Ndiye maganizo anandibwerera akuti ndikabweza zonse, pazenerapa sipadzaimanso munthu. Ndinatenga kagalasiko n'kukabisa m'kabokosi ka malumo, tinayi totsalato ndinakulunga pamodzi ndi kanjerwa kaja.

Kumanda, mkulu wa adzukulu analandira kamtoloko ndi manja awiri, nandifunsa katatu, ngati zonse zinali mmenemo, ngati panalibe chotsala, ngati mtima wanga unalibe chobisa. Katatu konse ndinayankha kuti zonse ndi zimenezo. Mayi wachikulire uja anandiyang'ana m'maso, ine n'kuyang'ana pansi. Anakwirira, amalume analankhula ndi malemu kuti tsopano wakwanira agone mumtendere, ndipo anthu anabwerera kumudzi mitima itatsika.

Ndipo anapitiriza kubwera. Novembala yense, Disembala yense, ine teni koloko ndinkatseka chitseko, n'kutulutsa kagalasi kaja, n'kudikira mdima wanga monga ndinkamudikirira panjira ya kuchitsime tisanakwatirane. Ndinkamuuza nkhani, kuti mvula yayamba, kuti mapira amera, kuti mlongo wake wamng'ono wasema bwato lokhota limene limangozungulira pamalo amodzi, n'kumaseka ndekha pamene iye akanaseka. Anthu ankati ndayamba kunenepa, ndapirira msanga. Sindinadzifunse n'kamodzi komwe kuti kuchokera kumanda kufika pazenerapo ndi mtunda wautali bwanji, kapena ngati woyendayo ankabwera chifukwa chondifuna ine kapena chifukwa ndinamumanga mwendo.

Tsiku lina mu Januwale, kutada monga mwa nthawi zonse, m'malo moyang'ana m'diso la makina ndinaweramira pansi n'kuyang'ana mu kalilole uja. Sindikudziwa chimene chinandituma. Kaliloleyo ndi wochepa, sakwana chikhato, koma ndinamuona. Anaima pazenera wopanda mtsuko, atawonda, tsitsi lili nyankhalala, milomo itauma mpaka kung'ambika ngakhale inali nyengo ya mvula, dzanja lake litagwira pansi pa nthiti za kumanja. Sanali wokwiya, akanakwiya bwenzi zili bwino. Anali wotopa, kutopa kumene sindinakuonepo pa munthu wamoyo, ndipo sankayang'ana ine ayi, maso ake anali pa kagalasi. Ndinamuitana dzina lake, sanatembenuze ngakhale diso. Ndinagwa chagada pamodzi ndi mpando, botolo la utoto n'kusweka, ndipo dokotala anandipeza pansi, malaya onse ali psuu.

Ndinatsimikiza tsiku lomwelo kuti ndikabweza. Koma kumanda munthu sulowa wekha ngati kumunda, pamafunika adzukulu, ndipo adzukulu sanyamuka popanda mawu a amalume. Ndiye kuti ndikakhale pansi pamaso pa bambo amene ananditcha mkamwini wabwino, ndiwauze kuti ndinanama katatu pamutu pa mwana wawo. Ndinanyamuka kawiri n'kubwerera panjira. Ndinkati ndipita Lamulungu, Lamulungu likafika ndinkati dambo ladzaza, ndidikire liphweko. Kagalasi sindinakaikenso pamakina, ndipo teni koloko ndinkathawira kwa odwala kukathandiza ntchito zosakhala zanga. Manyazi anandidyera masabata atatu.

Sabata lachinayi Ruo anadzaza. Kuno mvula sinagwe yambiri, inagwa kumapiri a ku Mulanje, ndipo madzi anatsika ofiira, atasenza mitengo yathunthu, natsekereza Shire mpaka anasefukira m'madambo onse. Anthu a mudzi uja anapulumuka pa mabwato, palibe anafa. Ndinawalondola kumtunda kumene anamanga misasa, ndipo kumeneko, pakati pa ana olira ndi mbuzi zomangidwa, ndinawaululira amalume zonse. Sananditukwane, anangoti madzi akaphwa tipita.

Patatha mwezi tinapita, ine, amalume ndi adzukulu atatu, ndipo tinayenda tsiku lonse. Msitu wa manda kunalibe. Mtsinje unali utadula njira yatsopano, pamene panali mitengo panali mchenga woyera wokhawokha, ndipo adzukulu amene anakumba mandawo ndi manja awo ankatsutsana okhaokha, wina akuloza uku wina uko. Ndinapempha kuti tingokumba paliponse, mkulu wa adzukulu anati iwo sakwirira munthu pamalo pongoganizira. Ndinapempha kuti ndikaponye m'madzi, amalume anati mtsinje si manda. Ndinabwerera nako m'thumba la malaya.

Mawa lake ndinakaika pamakina n'kudikira teni koloko, leveni, mpaka dzuwa linapendeka, kuwala kuli mbee. Ndinayesa sabata lonse, mwezi wonse, chaka chonse, mpaka dokotala anabwerera kwawo ndi makina ake ndipo kanyumbako anakasandutsa kosungiramo katundu. Sanabwerenso.

Abusa anandiuza kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, ndipo Mulungu sasowa kachidutswa ka chiwindi kuti adzutse munthu. Lamulungu ndimavomereza zimenezi ndi mtima wonse. Masiku enawa ndimakhulupirira zina. Ndimakhulupirira kuti sanaleke kubwera chifukwa anapuma, koma chifukwa madzi anafafaniza njira imene ankaidziwa, ya kwa ine ndi ya kumanda yomwe, ndipo kwinakwake m'mabango a Shire muli munthu wotopa amene akufunafunabe. Ntchito ya dokotala ija sindiinyoza, inathandiza kudziwa matenda, ndipo ndikumva kuti masiku ano amayamba apempha abale. Wolakwa ndine, amene ndinkaudziwa mwambo, amene ndinauzidwa poyera kuti wosakwanira sagona, n'kusankha kudzitonthoza ndekha.

Kagalasiko ndikadali nako. Utomoni unasanduka wachikasu, utoto unazilala, ndipo ngakhale mutandibwereka makina abwino bwanji simungaonemo kanthu. Ndinakwatiranso, ndili ndi ana akuluakulu, ndipo ndawauza kuti tsiku langa likafika adzakaike m'dzanja langa ndikamupatse ndekha, ngakhale sindikudziwa ngati kumeneko anthu amapezana.

Ndiye anzanga, mukakhala ndi kanthu ka munthu amene wapita, kanthu kamene mwambo ukuti kapite naye, musakambirane ndi mtima wanu, chifukwa wanga unandinamiza ndipo wanunso ukhoza. Bwezani tsiku lomwelo, manda akadadziwika pamene ali, ndipo ngati munanama kale pitani lero mukaulule, manyazi sapha munthu. Ine ndinamusunga miyezi itatu kuti azindiyendera, ndipo ndamusowetsa pogona zaka makumi anayi.